Waya Amene Ndinamanga Pansi pa Baki ya a Fanuwelo

Doornfontein, chaka chimene ndinafika ku Joni

Esnati ndi iwe Dalitso, mwandivutitsa nthawi yaitali kuti ndilembe za moyo wanga, ndiye nazi. Ndalemba m'Chichewa mwadala. Mawu akakuvutani kafunseni amayi anu, chifukwa Chichewa chanu chosakaniza ndi Chizulu chija chimandipweteka m'makutu. Za ubwana wanga ku Ntcheu ndazidumpha, munazimva mpaka kutopa nazo. Gawo lino ndi la ntchito yanga ya mabuleki, imene inakulerani, komanso la chinthu chimodzi chimene ndinawachita ankolo anu a Fanuwelo. Ndinawaonongera dzina, ndipo ndinakhala chete zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

Ndinafika ku Joni ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, m'manja muli chikwama chimodzi ndi adiresi ya mkulu wina wa kwathu amene anatsalira kuno nthawi ya migodi itatha. Anandiika m'chipinda cha fulati ku Doornfontein mmene tinkagona anthu asanu ndi mmodzi, ndipo patapita milungu itatu anandipezera ntchito yosesa pa galaja ya mabuleki ndi makilatchi. Mwini wake anali Mpwitikizi wamfupi, wa mimba yake, amene anakulira ku Tete. Tonse tinkamutchula kuti Patarawo. Chinyanja ankachidziwa, koma chotukwanira chokha, zina zonse ankalankhula Chifanakalo, chinenero cha kumigodi chija. Munthu uja anali wovuta, abale! Ukasiya sipanala pansi ankaitola n'kuiponya pa denga kuti ukaitenge wekha. Koma mabuleki ankawadziwa. Ankangoponda kamodzi n'kunena kuti mu paipi ya kumbuyo kumanzere muli mpweya, mukatsegula n'kupezadi kuti ndi momwemo. Nditasesa chaka chathunthu anandipatsa ovolosi, ndipo ndinayamba kusintha mapadi, kupala madisiki, kuika mashuzi m'madilamu ndi kuchotsa mpweya m'mapaipi.

Tsiku lina, nzeru zitayamba kundiyabwa, ndinamufunsa kuti bwanji osangoika mabuleki aakulu pa galimoto iliyonse, poti a kufakitale ndi ofooka. Anandiyang'ana ndwii, kenako anandikoka kolala mpaka pansi pa galimoto. "Wena Malawi," anatero, "ukuganiza kuti amene anapanga galimotoyi anali opusa? Kutsogolo ndi kumbuyo zimamvana. Ukasintha chimodzi wasintha zonse. Hayikona kuchenjera!" Ndinaseka tsiku limenelo, ndipo ndinakhala ndikuwatsanzira mawuwo kwa anzanga ku fulati kuti nawonso aseke.

Ndi pa galaja imeneyo pamene ndinadziwana ndi a Fanuwelo. Iwo ankayendetsa kagalimoto kobweretsa zipangizo. Tsiku lina sipanala inandipulumuka n'kundisupula chala, ine n'kutukwana m'Chichewa cha ku Ntcheu. Ndinangomva munthu akuseka kumbuyo kwanga. "Ha! Achimwene, pakamwa pameneponso m'pofunika mabuleki." Anali a ku Balaka, aatali, oyankhula pang'onopang'ono. Masiku amenewo ankamwa, ndipo ankamwa zenizeni. Lachisanu malipiro ankathera ku shabini, akazi awo a Naphiri akulira ndi mwana kumsana. Koma chaka china anadwala, anagona m'chipatala mwezi wathunthu, ndipo atatuluka anasiya mowa tsiku limodzi. Sanaulawenso. Analowa mu mpingo wa Amalawi umene unkasonkhana m'holo ina m'tauni, ndipo patapita zaka anawasankha kukhala mkulu wa mpingo. A Naphiri ankanena poyera kuti Mulungu anawapatsa mwamuna kawiri.

Marlboro, chaka chimene Esnati anayamba sukulu

Patarawo atakalamba anagulitsa galaja n'kupita kwa ana ake. Ine ndinapeza ntchito ku Marlboro, pafupi ndi Alexandra, m'galaja ya Mbunu wina amene sankabwera kawirikawiri chifukwa anali ndi bizinesi ina ya malole. Makiyi ankandisiyira ine. Kunena zoona, m'pamene mutu unayamba kukula. Anthu a matakisi a ku Alex ankabwera kudzafuna "Malawi wa mabuleki", ndipo ndikayenda m'misewu ya ku Marlboro madalaivala ankaliza hutala. Mapepala anga okhalira m'dziko lino sanali olongosoka, koma izo ndinkaziiwala masana, ndinkangozikumbukira ndikaona galimoto ya apolisi.

Makasitomala anga enieni anali amatiransipota, anthu onyamula katundu wa Amalawi kuchoka kuno kupita kumudzi. Inu munabadwira kuno, simudziwa mmene katunduyo amapakiridwira. Munthu wagwira ntchito m'nyumba ya azungu zaka zitatu, wagula firiji, malata, sofa, njinga, mabulangete, shuga, ndipo zonsezo akufuna zifike kwa amayi ake Khirisimasi isanakwane. Baki, kagalimoto kotsegula kumbuyo kaja, imene kufakitale anaipangira katundu wapakati, imasenzetsedwa katatu kake, pamwamba n'kumanga ndi zingwe mpaka kutalika ngati nyumba, kumbuyo n'kukokanso ngolo. Kuti galimoto isakhale pansi, eni ake ankapita kwa owotcherera kukaonjezera masipuling'i akumbuyo. Mabuleki okha ankatsala omwe aja a kufakitale, ndipo pa mitsetse ankatentha mpaka kutuluka utsi.

A Fanuwelo anali atasiya ntchito yobweretsa zipangizo, n'kulembedwa ndi mtiransipota wina wa ku Zomba, a Chikopa. Anasamukira ku Diepsloot kumene anamanga kanyumba ka malata. Anthu ankalimbirana kuti katundu wawo anyamulidwe ndi a Fanuwelo, chifukwa sankathamanga, sankamwa, ndipo sipuni imene mwawapatsa kuno inkafika kumudzi ili sipuni yomweyo. Amayi ena ankawapatsa ngakhale ana kuti akawatule kwa agogo awo. Munthu wosauka alibe chuma china koma dzina, ndipo dzina la a Fanuwelo linali labwino kuposa langa.

Disembala wa chaka chomwecho

A Fanuwelo anabwera ku galaja Lachiwiri m'mawa, kutatsala masiku atatu kuti anyamuke. Anatsika mu baki n'kundikokera pambali.

"Achimwene, galimotoyi ikufuna kundipha," anatero. "Ulendo wathawu pa mapiri a ku Zobwe ndinaponda mpaka mwendo kuchita dzanzi, iyo ikungopita. Ndinkapemphera mokweza. Ulendo uno katundu ndi wochuluka kuposa uja, ndipo ndatenga mayi wina ndi ana awiri. Chitanipo kanthu."

"Mwabwera kwa eni ake," ndinayankha. "Pofika Lachisanu idzaima ngati yamva dzina lake."

Kutsogolo ntchito inayenda bwino, ndipo mpaka lero sindichita nayo manyazi. Ndinachotsa madisiki aang'ono a kufakitale n'kuika aakulu, okhala ndi mipata yoziziritsira, amene ndinawapeza ku sikirapu kuchokera pa galimoto yaikulupo ya mtundu womwewo. Ndinaika makalipa ake, mapadi atsopano olimba, mapaipi atsopano, ndipo mafuta a mabuleki akale ndinawakhetsa onse n'kuthira opirira kutentha. Vuto linali kumbuyo. Mverani bwino pano, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Pansi pa baki, pafupi ndi mawilo akumbuyo, pamakhala kavalavu kokhala ndi kamkono kachitsulo. Galimoto ikasenza katundu, kumbuyo kumatsika, kamkonoko n'kutsegula valavu kuti mabuleki akumbuyo agwire mwamphamvu. Ikakhala yopanda katundu, kumbuyo kumakwera, valavu n'kuchepetsa mphamvuyo, kuti mawilo akumbuyo asaume n'kuyamba kutsetsereka. Tsopano baki ya a Chikopa anali ataionjezera masipuling'i. Ngakhale aisenzetse bwanji, kumbuyo sikunkatsika, ndiye valavu inkangoona ngati galimoto ilibe kanthu. Mabuleki akumbuyo ankangogona, akutsogolo okha ndi amene ankavutika ndi katundu yense uja.

Njira yoyenera ndinkaidziwa. Pankafunika kamkono kena kogwirizana ndi masipuling'i atsopanowo, ndi geji yoyezera mphamvu ya mafuta, kenako tsiku lathunthu loyesa ndi kusintha. Koma pakati pa Disembala Joni amatseka. Ndinaimba mafoni Lachitatu lonse, uku akuti tatseka, uku akuti bwerani Januwale, amene anali ndi geji anali atapita kale kwawo ku Limpopo. Lachinayi masana ndinagona pansi pa galimoto ija, ndikuyang'ana kamkono kaja, ndipo nzeru inandibwerera. Ndinatenga waya wolimba wa mpanda, ndinakankhira kamkonoko m'mwamba mpaka valavu inatseguka yonse, n'kumanga gwa. Mphindi zisanu basi. Ndinatuluka pansipo ndikuimba mluzu.

Musaganize kuti sindinayese. Ndinabwereka matumba a simenti ku weyahausi yoyandikana nafe, tinadzaza baki, tinakoloweka ngolo, n'kulowa mumsewu wautali wa kumafakitale. A Fanuwelo anathamangitsa, ine ndili pambali, kenako ndinakuwa kuti pondani. Galimoto inaima nji, molunjika, mutu wanga unatsala pang'ono kugunda galasi. Anayesa kachiwiri, kachitatu. Anazimitsa injini n'kundigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Achimwene, manja amenewa Mulungu awasunge," anatero. "Ana aja afika bwino."

Ndipo anafikadi bwino. Tsiku la Khirisimasi anandiimbira kuchokera ku Balaka kunena kuti pa Zobwe anatsika ngati akuyenda pa bwalo la mpira. Chimene ine sindinachite, ana anga, ndi kutsitsa matumba a simenti aja n'kuyesanso galimoto ili yopanda kanthu. Sindinganame kuti ndinaiwala. Sizinabwere n'komwe m'mutu mwanga. Ife a ku Joni tikamanena za ulendo timanena wopita kwathu. Timauganizira chaka chonse, timaupakirira, timaupempherera. Wobwerera palibe amene amauwerengera. Ine ndinakonza galimoto yopita kumudzi, ndipo sindinaime ngakhale kamodzi kudzifunsa kuti nanga ikatsitsa katundu idzabwerera bwanji. Bwenzi nditangonena kuti, achimwene, mukatsitsa katundu mudule waya uyu. Mawu ochepa chabe amenewo.

Januwale wotsatira

A Fanuwelo anabwerera okha. Ngolo anaisiya ku Balaka kuti ikawotcheredwe, ndipo mu baki munali timatumba tiwiri ta mpunga, usipa, ndi timaphukusi ta anthu otumiza kwa abale awo kuno. Mozambiki ndi Zimbabwe anadutsa bwino chifukwa kunali kouma, ndiponso iwo sankaponda buleki mwadzidzidzi. Atawoloka malire, pa mtsetse waukulu wotsikira ku Louis Trichardt, m'mawa kukugwa mvula, lole imene inali patsogolo pawo inachepetsa liwiro mosayembekezeka. Anaponda mwamphamvu. Mawilo akumbuyo anauma, kumbuyo kwa galimoto kunatembenuka n'kukhala kutsogolo, ndipo baki inagubuduzika kutsikira kumunsi kwa msewu. Anathyoka msana. Kuyambira tsiku limenelo sanaimenso ndi miyendo yawo.

Tsoka silibwera lokha. Mwa timaphukusi tija munali botolo la kachasu limene munthu wina anatumizira m'bale wake wa ku Alex, atalikulunga m'chitenje. A Fanuwelo sankatsegula katundu wa anthu, ndiye sankadziwa. Anaika kaphukusiko kumbuyo kwa mpando, ndipo pa ngoziyo botolo linasweka n'kuwanyowetsa malaya. Amene anawatulutsa m'galimoto anamva fungo. Wokoka galimoto anamva fungo. A Chikopa atafika nawonso anamva fungo. Pofika Lamlungu, Amalawi onse kuyambira ku Diepsloot mpaka ku Doornfontein ankanena kuti mkulu wa mpingo wabwerera ku masanzi ake.

Galimotoyo inafika ku galaja kwathu Lolemba masana. Anzanga atapita kukadya, ndinaizungulira ndekha. Matayala akutsogolo anali bwinobwino. Akumbuyo onse awiri anali atapalika malo amodzi mpaka kuoneka ulusi. Makanika aliyense amadziwa tanthauzo lake. Ndinagwada, ndinasuzumira pansi, ndipo waya wanga anali pomwepo, womangika bwino monga ndinamusiyira. Galimoto yonse inali itaphwanyika koma iye yekha sanasunthe.

Ndili chogwada choncho ndinamva mawu a a Chikopa pa geti akupatsana moni ndi mlonda. Ndikufuna mudziwe zimene zinali m'mutu mwanga, osati kuti mundikhululukire, koma kuti musadzanamizidwe kuti ndinachita mosadziwa. Ndinaganiza za Mbunu uja, kuti akamva andichotsa tsiku lomwelo. Ndinaganiza za mapepala anga, kuti nkhani ikafika kwa apolisi andikweza galimoto yopita ku malire. Ndinaganiza za iwe Esnati ndi yunifolomu yako yatsopano, ndi iwe Dalitso amene unali m'mimba. Ndinaganizanso za madalaivala oliza hutala aja, ndipo ichi ndi chimene chimandichititsa manyazi kwambiri. Pulayazi inali m'thumba la ovolosi. Ndinadula waya, ndinamupindapinda, n'kumuponya mu dilamu ya zitsulo zotaya.

"A Mbewe," anatero a Chikopa atandipeza, "mwaiona? A Fanuwelo m'chipatala akulumbira kuti sanamwe, akuti galimoto inangotembenuka yokha. Inu ndinu amene munagwira mabuleki. Tandiuzani zoona, pali vuto?"

Ndinapukuta manja pa chisanza nthawi yaitali. "Mabuleki alibe vuto," ndinatero.

"Ndiye basi," anatero a Chikopa, akupukusa mutu. "Mowa suchoka m'magazi."

Sindinanene kuti a Fanuwelo anamwa. Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza ndi zimenezo, kuti pakamwa panga sipanatuluke mawu amenewo. Koma ndinatseka khomo lokhalo limene akanatulukira, ndipo ndinkadziwa kuti ndikulitseka.

Diepsloot, zaka zotsatira

Mpingo unawatsitsa pa udindo. Anthu amene ankawapatsa ana awo anayamba kudutsa pakhomo pawo osagogoda. A Naphiri anakalowa ntchito ya m'nyumba ku Fourways, kudzuka mbandakucha kukaima pa mzere wa matakisi, kubwera madzulo kudzasambitsa mwamuna wamkulu ngati khanda. Sanawathawe, ayi. Anawasamala mpaka mapeto. Koma nkhope yawo inauma, ndipo kuseka kuja kumene tinkakudziwa kunatha. Kangapo ndinawamva ndi makutu anga akunena kuti, "Mukanangovomera, bambo a Tiyamike, bwenzi nditakhululuka kalekale. Chimene chimandiwawa si mowa, ndi bodza." A Fanuwelo ankangoyankha kuti, "Sindinamwe, mayi," kenako n'kuyang'ana pansi. Mwana wawo Tiyamike anakula akumva zimenezi, ndipo anasiya sukulu msanga kuti akathandize amayi ake.

Ine ndinkapita Loweruka lililonse. Mukukumbukira, nthawi zina ndinkakutengani. Ndinkanyamula buledi, shuga, mafuta. Ndinawapangira chokwerera cha simenti pakhomo. Njinga yawo ya olumala inkaonongeka kawirikawiri chifukwa cha misewu ya ku Diepsloot, ndiye ndinkaikonza ndekha, mawilo, mabering'i, ngakhale timabuleki take. Anthu ankanditamanda. A Naphiri ankandithirira tiyi m'kapu yawo ya alendo n'kunena kuti, "Alamu, anzawo onse anathawa, mwatsala ndinu nokha. Mulungu akuona." Mawu amenewo ankandiotcha kuposa tiyiyo. Kangati ndinanyamuka kunyumba nditatsimikiza kuti lero ndinena? Ndikafika n'kuona nkhope zawo, ndinkati sabata yamawa. Mapepala anga analongosoka, iwe Esnati unamaliza sukulu, Mbunu uja anamwalira, zifukwa zonse zinatha chimodzichimodzi, koma pakamwa panga sipanatseguke. Poyamba ndinkaopa kuchotsedwa ntchito. Pambuyo pake ndinkangoopa kuti asiya kundikonda.

A Naphiri anadwala miyezi iwiri yokha n'kumwalira. Tinasonkha Amalawi kuti thupi lipite kwawo ku Balaka, ndipo ine ndinali mmodzi wa amene ananyamula bokosi kulikweza m'ngolo. A Fanuwelo sakanatha kuyenda ulendo wautali choncho. Anatsala pakhomo pa njinga yawo, akuyang'ana galimoto mpaka inakhota.

Chaka chatha, mwezi wa Juni

Ndinali nditapuma ntchito miyezi inayi. Loweruka limenelo kunkazizira, ndipo wilo lakumanja la njinga yawo linkalira. Ndinawanyamula n'kuwakhazika pa bedi, ndinagudubuza njinga, n'kuchotsa wilo. Tiyamike, amene tsopano ndi mayi wa ana awiri, ankachapa panja. Tinkacheza za mpira ndi za mitengo ya zinthu. Kenako a Fanuwelo anayamba kulankhula akuyang'ana khoma.

"Achimwene, pali chimene ndakhala ndikuganiza. Mwina ndinamwadi."

Ndinasiya sipanala. "Mukuti chiyani?"

"Mwina ndinalawa pang'ono pa malire paja chifukwa cha kutopa, ndiye mutu utagunda ndinaiwala. Zimachitika, adokotala amatero. Anthu onse aja sangalakwe. Mayi a Tiyamike sanali munthu wopusa. Inunso munaiona galimoto, munati inalibe vuto. Ndiye chatsala n'chiyani? Ndikufuna ndiitane abusa ndilape, ndisafe ndi tchimo limeneli."

Ana anga, ndinapirira kuona munthu uja atalumala. Ndinapirira kumuona akunyozedwa. Koma kumuona akukonzeka kulapa tchimo langa, ayi, pamenepo ndinalephera. Ndinakhala pansi pa simenti yozizira ija n'kunena zonse. Valavu, waya, matumba a simenti, matayala opalika, pulayazi, dilamu ya zitsulo. Ndinalankhula ngati ndikufotokozera kasitomala, chifukwa njira ina yonenera sindinkaidziwa. Nditamaliza a Fanuwelo anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Ndiye kuti sindinamwe," anatero.

"Simunamwe, achimwene."

"Ndipo inu munadziwa liti?"

"Tsiku limene galimoto inafika ku Marlboro."

Sanakuwe. Bwenzi zili bwino akanakuwa, kapena kunditema ndi sipanala. Anangoitana mwana wawo. Tiyamike analowa thovu lili m'manja, ndipo iwo anati, "Khala pansi. A Mbewe ali ndi mawu. A Mbewe, bwerezani zonse, musasiye kanthu." Ndinabwereza. Mwana uja, amene ndinamunyamulapo ali wakhanda, anandiyang'ana ngati sanandionepo. "Hayi, ankolo," anatero. "Hayi. Zaka zonsezi? Inu mumabwera muno, mama akukuphikirani tiyi? Ine ndinawauzapo adadi kuti ndi chidakwa, pamaso pawo, ndili ndi zaka fifitini. Inu munali pomwepo, munamva!" Anagwada pambali pa bedi n'kuika mutu pa miyendo ya bambo ake, akulira, ndipo iwo ankamusisita tsitsi.

Patapita nthawi a Fanuwelo anatukula mutu. "Za msanawu ndilibe nanu mlandu," anatero. "Munkafuna kundithandiza, dzanja limalakwa. Mukanandiuza m'chipatala muja, bwenzi titalira limodzi n'kutha. Koma mkazi wanga anandisambitsa zaka khumi ndi zitatu akuganiza kuti akusambitsa munthu wabodza. Tsiku lomaliza m'chipatala anandigwira dzanja n'kundipempha kuti ndivomere, apite mtima uli m'malo. Ndinakana. Anatembenukira kukhoma." Analoza njinga ija. "Bwezeretsani wilolo, a Mbewe, ndikufuna kukhala pa njinga yanga. Mukatero muzipita."

Ndinabwezeretsa wilo, nati imodzi inandigwa katatu. Nditafuna kuwanyamula, Tiyamike anati, "Asiyeni, ndiwanyamula ndekha."

Lamlungu lotsatira ndinapita ku mpingo wawo, ndinapempha mpata, n'kuimirira kutsogolo kunena zonse pamaso pa anthu. A Chikopa analipo, atakalamba, ndipo anaphimba nkhope ndi chipewa. Ndamva kuti akulu a mpingo anapita ku Diepsloot kukapepesa, ndipo anthu ayambanso kugogoda pakhomo paja. Ine ndikaimba foni imangolira. Sindikudandaula, ndi ufulu wawo. Dzina lawo labwerera kwa aliyense amene ali ndi makutu. Koma munthu mmodzi amene a Fanuwelo ankafuna kuti amve ali m'manda ku Balaka, ndipo ine ndinachedwa ndi zaka zitatu.